Mpeni wa Malemu Bruno

Polokwane,
3 Malichi 2024

Okondedwa apongozi, Bambo Eliya,

Muli bwanji ku Glen View kumeneko, inu ndi amayi? Msana uja unaleka? Kuno tilipo. Mwana wanu Ruvimbo ali bwino, ndipo Tanyaradzwa akuti moni kwa agogo ake, sekuru ndi ambuya. Ndalemba kalata chifukwa tamva kuti foni ya amayi anaitsomphola pa renki pokwerera makombi, komanso inu pafoni simumva bwino chiyambire kugwira gilayinda, makina anu onolera aja. Ndapatsira Lovejoy, woyendetsa basi uja.

Ndili ndi pempho, ndipo ndikuchita manyazi kutuma munthu wamkulu. Mukudziwa kuti ndimasonkhanitsa mipeni yakale ya osaka nyama, ija mumandiseka nayo. Kutchalitchi kuno ndakumana ndi mayi wina, dzina lake Lidia. Pocheza tapeza kuti makolo ake anathawa nkhondo ku Tete gulu limodzi ndi ife, mu 1987. Amayi ake, Mayi Serafina, alipo moyo, amakhala ku Lochinvar kufupi ndi njanji. Akuti m'sutikesi mwawo muli mpeni wa bambo anga, malemu Bruno. Bambo anamwalira m'njira tisanafike pamalire. Amene anawakwirira ndi amuna a Mayi Serafina, ndipo anatenga mpeniwo kuti adzandipatse ndikadzakula. Koma kukampu tinabalalikana. Ine ndinali ndi zaka zisanu.

Sindifuna kuti mpeni umenewu udutse m'manja mwa munthu wamba. Pa nkhani ya mipeni palibe amene ndimamukhulupirira kuposa inu. Chonde mukautenge, muusunge kwanu mpaka ndidzabwere mu Ogasiti. Lidia wawauza kale amayi ake kuti mubwera.

Mutiuze za moyo wanu.

Ine mkamwini wanu,
Custodio


Polokwane,
9 Malichi 2024

Amayi,

Moni ndi moyo. Mukhululuke Chichewa changa, mukudziwa kuti cholemba chimandithawira ku Chishona. M'phukusimu muli foni yatsopano, ndaikulunga m'thawulo, musakutumule thawulolo. Lovejoy kulibe sabata ino, ndiye ndapatsira basi ina.

Tsopano mverani bwino, chifukwa ichi ndiye ndalembera. Abambo akakatenga mpeni uja, asauike pa gilayinda. Asaupale, asautsuke, asauthire mafuta, sandipepa ayi. Aungousunga mmene uliri, ngakhale uoneke woipa bwanji.

Bambo a Tanya, akamwini anuwa, anafuna kulemba zimenezi m'kalata yawo koma analephera. Anang'amba mapepala atatu. Akuti, munthu wanola mipeni zaka makumi anayi, ine mkamwini ndikamuuze kasungidwe ka mpeni? Ndawauza kuti abambo anga ndimawadziwa, ngakhale supuni ikawayang'ana molakwika amainola. Ndiye ndati ndiuze inu, inu mudziwa mowauzira.

Anthu osonkhanitsa mipeniwa ali ndi nzeru zawozawo, amayi. Kuda kwa chitsulo kuja, ife timati litsiro, iwo amati ndiye zaka zake. M'kabati ya galasi muno muli mipeni khumi ndi umodzi. Wina uli ndi nambala, akuti fakitale inangopanga mazana awiri basi, ndipo sunadulepo ngakhale tomato. Wina anaugula utapukutidwa kale ndi mwini wake woyamba, umenewo amangoti ndi wakufa.

Koma nkhani yeniyeni si imeneyo. Pa chitsulo cha mpeni wa malemuwo pali dzina lawo, analilemba okha ndi msomali. Sukulu sanapiteko, mawu amene ankatha kulemba anali omwewo basi. Bambo a Tanya alibe chithunzi cha bambo awo, manda sakuwadziwa, nkhope anaiiwala. Chimene amakumbukira ndi chimodzi: atakhala pamwendo pa bambo awo, iwo atagwira kachala kawo n'kumakayendetsa pa zilembozo. Chimverereni za mpeniwu sakudya bwino. Asuntha kale mipeni inayo, pakati pa kabati asiyapo malo.

Mukalandira foni mundiimbire.

Mwana wanu,
Ruvimbo


Glen View,
17 Malichi 2024

Akamwini, bambo a Tanyaradzwa,

Amene akulankhula ndine Eliya, amene akulemba ndi amake Ruvimbo, chifukwa ine ndi pensulo sitinadziwanepo. Ndawauza kuti alembe zonse mmene ndikuneneramu, asadule, paja amakonda kudula. Tilipo. Msana ulipo, ukundisunga. Mvula chaka chino yatinamiza, kachimanga kathu kuseri kwa nyumba kangoima ngati tsache. Kumeneko muli bwanji? Kamtsikana kaja kanasiya kuyamwa chala?

Ulendo ndinayenda Lachiwiri. Kombi inanditula ku Willowvale, dalaivala akuti sakupitirira, ndiye ndinauyamba wapansi m'mbali mwa mafakitale. Ndinasochera kawiri. Amene anandilozera ndi mayi wina wogulitsa chimanga chootcha, akuti gogo wa ku Moza uja wa tomato, amene amakana kuchotsera mtengo? Ndinati ndiye yemweyo.

Mayi Serafina ndi kamunthu kakang'ono, koma maso ake ngati wapolisi. Sanandipatse msanga ayi. Anayamba andifunsa kwathu, ndati makolo anachokera ku Dedza, ine ndinabadwira papulazi ku Mvurwi. Afunsa dzina la mayi anu malemu, ndatchula. Afunsa ngati muli ndi chipsera pachibwano, ndati chilipo, ndimachiona mukawerama. Pamenepo ndiye analira. Akuti munagwa pamwala tsiku lachitatu la ulendo, amene anakunyamulani ndi iwo. Tinapemphera, kenako anakoka sutikesi pansi pa bedi. Mpeni unali wokulungidwa m'kansalu kamwana. Akuti amuna awo pomwalira anawauza kuti katunduyu ngwa mwana wa Bruno, asadulire ngakhale anyezi. Zaka zonsezi, akamwini, kusamuka nyumba zisanu ndi ziwiri, njala ya 2008 ija, osaugulitsa.

Akuti bambo anu anali wosenda nyama wa azungu osaka kuchigwa cha Zambezi. Njati ankaisenda okha, anzawo akadali kufunafuna pogwira. Mpeniwo anawapatsa ndi mzungu wina pobwerera kwawo.

Ndi mpeni ndithu umenewu. Ine ndagwira zitsulo zambiri. Papulazi ndinkanola zikwanje, makasu, mipeni ya fodya, mipeni ya bwana yosakira. Chitithamangitsireni papulazi ndili pa kompulekisi pano, pamsika wa mipando, matchizulo ndi mapuleni a akalipentala onse a mzere wathu amadutsa m'manja mwangamu. Koma chitsulo chotere ndachigwira kawiri kapena katatu. Ukachigogoda ndi chikhadabo chimayankha. Chigumbu chake, pogwirira paja, ndi cha nyanga. Chimake ndi chachikopa, chauma gwa.

Koma mmene unalili, ndinamva chisoni. Wakuda bii, madontho a dzimbiri, wokandikakandika mbali imodzi ngati ana ankaseweretsa. Ndinati mumtima, uyu ndi mpeni wa bambo wa munthu, ukafike kwa mwana wake uli ngati wotola kudzala? Pali Eliya? Sindinena zambiri. Amake Ruvimbo akundiyang'ana, nawonso sindinawaonetse. Mudzaona nokha mu Ogasiti. Kantchito kena katsala chifukwa magetsi anathima ndili pakati, koma nthawi ilipo.

Ija ili m'kabati yanu, yosadula kanthu ija, idzachita manyazi.

Ine apongozi anu,
Eliya

Ruvimbo, ndine mayi ako. Dzanja latopa, abambo ako salekeza. Lovejoy akuti unanena zotumiza foni. Kuno sikunafike kanthu, talandira kalata imodzi yokha ya bambo a Tanya. Melina.


Glen View,
9 Epulo 2024

Ruvimbo mwana wanga,

Kalata iyi ndi yako wekha, uwerengere kumbali. Abambo ako sakudziwa kuti ndikulemba.

Phukusi lafika Lachiwiri lapitali. Akuti basi inafera ku Ngundu, katundu anakhala m'galaja masabata atatu. Foni ikugwira ntchito, zikomo. Ndikuona ukuimba, dzulo unaimba kanayi. Sindikuyankha dala. Nkhani iyi pakamwa panga siituluka.

Kalata yako ndinawawerengera pakhonde, iwo akumwa tiyi. Maso anga anatsogola kuona mzere wa gilayinda uja, ndiye ndinaima. Akuti bwanji, zafufutika? Ndinati ayi. Akuti werengani. Ndinawerenga mpaka pa dzina ndi msomali, mpaka pa kachala. Anaika kapu pansi, analowa m'nyumba, anatuluka ndi mpeni nausolola. Mwana wanga, ukuwala ngati supuni ya ku hotela. Anautembenuzira kudzuwa, uku ndi uku, kufunafuna. Anandipatsa kuti mwina maso a munthu wodziwa kuwerenga aona kanthu. Palibe. Ndinangoona nkhope yanga.

Anandifunsa kuti, zokandika zija ndiye anali malemba? Ndinati ine sindinazione, munandibisira. Mawu amenewo ndikanawameza, chifukwa anakhala pansi pomwepo pasimenti.

Chowawa china n'choti anali atauonetsa kale pa kompulekisi ponse. Akuti anameta nawo ubweya wa pamkono akalipentala akuombera m'manja, Munya uja wa masofa mpaka anaujambula. Tsopano sabata yatha osapitako. Gilayinda aiphimba ndi thumba. Anthu akabwera ndi matchizulo ndimawauza kuti msana.

Loweruka anandipempha kuti ndiwalembere dzina la Bruno pakatoni, zilembo zikuluzikulu. Ndinalemba osaganiza. Masana ndikupita kukayanika zovala, ndinawapeza kuseri kwa chimbudzi, katoni patsogolo, msomali kumanja, akuyeserera pa sowo yakutha. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, lilime lili panja ngati mwana wa giredi wani. Ndinalanda katoniyo n'kuiponya pambaula. Ndinawauza kuti choyamba chija munachita osadziwa, ichi mukuchita mukudziwa. Sanakangane nane, ndipo iwe ukudziwa kuti abambo ako sagonja pakamwa.

Ndikukupempha, bambo a Tanya usawauze kaye. Ungoti mpeni uli bwino, tikuusunga. Mpaka Ogasiti mwina tipeza mawu.

Mayi ako,
Melina


Polokwane,
14 Epulo 2024

Amayi,

Ndalandira, ndalira, ndipo nanenso ndikudziimba mlandu, ndikanadikira Lovejoy kapena kuimbira aneba.

Koma zoti ndiziti mpeni uli bwino, zimenezo ayi. Munthuyu ndimadya naye mbale imodzi. Tsiku lililonse akumandifunsa kuti foni yafika, bwanji amayi osatijambulira mpeni tione zilembo? Ndatha mabodza a netiweki. Ndipo musaganize kuti sakudziwa kanthu. Kalata ya abambo ija anaiwerenga kawiri, atafika poti magetsi anathima anaipinda bwinobwino n'kutuluka panja. Sanandifunse, nanenso sindinawafunse. M'nyumba muno tikuyenda ngati muli wodwala.

Ine sindiwauza, si nkhani yanga. Koma sindinamanso. Awauze abambo eni ake, asadikire Ogasiti kuti munthu adzaone ndi maso pakhonde panu, anthu akuonerera. Lovejoy anyamuka kumeneko Loweruka pa 20.

Muwauze abambo kuti ndimawakonda, ndipo adye.

Ruvimbo


Glen View,
19 Epulo 2024

Akamwini, bambo a Tanyaradzwa,

Ndine Eliya. Moni ndikupereka, koma sindikudziwa ngati muulandire mukamaliza kalata ino. Ndawauza amake Ruvimbo kuti pena paliponse pamene ndiyambe kudzikometsera, aike pensulo pansi. Aika kale kawiri, ndiye tayambiranso.

Mpeni wa bambo anu ndinaunola. Ndinauika pa gilayinda, mbali zonse ziwiri, kenako sandipepa, kenako nsalu. Dzina limene bambo anu analemba ndi dzanja lawo ndinalichotsa ine. Palibe chatsalapo. Ndinaliona ndi maso angawa, ndinaliyendetsa chala, ndinati ana anakanda. Linanditengera nthawi chifukwa linali lozama, ndipo ndinkakondwa likamachoka. Ndikanatha kufunsa amake Ruvimbo, anali m'nyumba momwemo, koma ndinafuna kuti mudzandiyamikire ndekha. Kalata ya Ruvimbo inachedwa, izo ndi zoona, koma basi siinagwire gilayinda.

Pali chinanso. Nditadziwa, ndinafuna kulembapo dzinalo ndekha ndi msomali kuti musadziwe. Ndinayeserera m'mawa wonse mpaka masana. Amene anandiletsa ndi apongozi anu aakaziwa, si mtima wanga ayi. Ndati mudziwe ndi chimenecho, kuti mukamandiyeza mundiyeze yense.

Munati pa mipeni palibe amene mumamukhulupirira kuposa ine. Mayi Serafina, amene sadziwa kunola ngakhale lezala, anausunga zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Ine masiku awiri.

Sindikupempha kuti mundikhululukire, zimenezo ndi zanu. Mpeni ndapatsira Lovejoy pamodzi ndi kalatayi, usakhalenso m'nyumba mwanga. Koma pali zimene ndinaona ndisanauwononge, ndipo poti ndinazichotsa ndine, palibenso wina angakuuzeni. Malemba sindiwerenga, koma chitsulo chisanapite pamwala ndimayamba ndachiyang'ana kuti mwini wake ankachitenga bwanji. Ndi ntchito yanga imeneyo. Ndiye imvani.

Bambo anu sankanola ndi fayilo. Ankanola pamwala wa kumtsinje, wosalala, ndi madzi. Fayilo imasiya mano, apa panalibe. Ankanola pang'onopang'ono koma kawirikawiri, mwina tsiku ndi tsiku, chifukwa kukamwa kwa mpeni kunadyeka mofanana, popanda pokumbika. Munthu waulesi amadikira mpeni ubunthe ndiye n'kuukhukhuza mwaukali, ameneyo ndimamudziwa msanga. Awa ayi. Nsonga inali yathunthu. Zaka zonsezo sanatsegulirepo chitini, sanakanulirepo fupa, sanabwereke munthu wopusa. Podyeka kwambiri panali pamimba pa mpeni, kufupi ndi nsonga, pamene wosenda amayendetsa pansi pa chikopa. Anali munthu wosapupuluma. Ndikanakonda kukhala naye pansi.

Ndiponso anali wamanzere. Ichi ndikulumbira. Munthu akamanola, mbali imodzi imagona kwambiri pamwala kuposa inzake, malinga ndi dzanja. Mwa anthu khumi, asanu ndi anayi imagona mbali yomweyomweyo. Uwu inagona mbali inayo. Ndinaseka ndekha pa kompulekisi, ndati, a Bruno, kani munali amanzere. Kenako ndinayatsa gilayinda n'kulinganiza mbali zonse.

Chigumbu sindinachikhudze. Ndinati ndichipale ndi kuchipaka vanishi, magetsi ndiye anathima, mawa lake ndinatanganidwa ndi mapuleni a anthu. Nyangayo ili mmene anaisiyira. Mukaiyang'ana mudzaona kuti inadyeka mbali imodzi, pali kadzenje kosalala pamene pankakhala chala chachikulu. Ine ndikaugwira ndi dzanja lamanja umandikana. Kaya zimenezi zili ndi ntchito kwa inu, sindikudziwa. Ndi zokhazo ndili nazo.

Mu Ogasiti mukafuna kufikira kwina, ndidzamvetsa. Ruvimbo ndi mwana asavutike chifukwa cha ine.

Eliya


Glen View,
19 Meyi 2024

Ruvimbo,

Tilipo, kaya inu. Mwezi wakwana. Pafoni umangoti ali bwino, apita kuntchito, ndiye ndati ndilembe mwina pepala ungaliuze zambiri. Mpeni unafika? Anautsegula? Ananenapo kanthu, ngakhale kotukwana?

Abambo ako Loweruka lililonse akumavala jekete n'kupita kukadikira basi ya Lovejoy. Akafika safunsa, amangopereka moni. Lovejoy akapukusa mutu, iwo amabwerera. Ku kompulekisi sanapitebe. Munya anabwera ndi matchizulo asanu ndi limodzi m'thumba, akuti sekuru, amene tikupitako pano akutiotchera zitsulo. Anamuyankha kuti apite kwa odziwa kuwerenga. Mpeni wanga wa kukhitchini wabuntha, ndikudula matimati ngati ndikuwapepesa, koma sindingayerekeze kuwapatsa.

Ndinapita ndekha ku Lochinvar kukawauza Mayi Serafina, poti abambo ako miyendo inakana. Nditamaliza kufotokoza anandipatsa tomato.

Tiuzeni kanthu.

Mayi ako,
Melina


Polokwane,
2 Juni 2024

Bambo,

Muli bwanji, inu ndi amayi? Kuno kwayamba kuzizira. Tanyaradzwa chala anasiya, tsopano akuluma pensulo.

Ndachedwa kuyankha. Sindinafune kulemba ndili ndi mawu amene ndinali nawo mu Epulo.

Mpeni unafika. Ndinausolola kamodzi, ndinaona nkhope yanga pamene ndinkayembekeza kuona dzanja la bambo anga, ndipo ndinaubweza m'chimake n'kuuponya m'dirowa ya masokosi. Kalata yanu ndinawerenga ndime ziwiri zoyamba basi. Sindikunamizani, ndinakwiya, ndipo dzina lija likundiwawabe. Lidzandiwawa mpaka kale. Munachita bwino kusalembapo lina. Ndikanalizindikira, ndipo pamenepo sindikudziwa ngati ndikanabweranso kwanu.

Koma mkwiyo wina unali wa ine mwini. Mawu anali atatu okha oti ndilembe m'kalata yoyamba ija. Ndinaopa kuoneka wamwano pamaso pa apongozi, ndinasiyira mkazi kuti anene, mkazi anasiyira basi. Ndinakutumani ngati munthu wodziwa mipeni, koma ndinakubisirani chimene ndinkafuna pa mpeniwo. Manyazi amenewo ndi anga, musawasenze inu.

Lamulungu lapitali Ruvimbo anaika kalata yanu pambali pa mbale yanga. Ndinaimaliza. Nditafika pa zamanzere ndinaimirira.

Bambo, inu simungadziwe, chifukwa pamaso panu ndimalandira chinthu ndi manja awiri, ndipo kwanu ndimadya ndi lamanja monga ndinaphunzitsidwira. Ine ndine wamanzere. Kukampu aphunzitsi ankandimanga dzanja limeneli kumpando ndi chingwe. Amalume amene anandilera ankati kubanja kwathu kulibe zotere, kaya ndinazitola kuti. Mayi anali atamwalira kale, panalibe wofunsa. Ndakula ndikulibisa dzanja ili ngati ndinaliba.

Ndinatsegula dirowa, ndinaugwira ndi lamanzere. Chala chinapita chokha m'kadzenje kaja. Sindinachite kufunafuna. Ndinakhala pabedi nthawi yaitali, mpaka Tanya anabwera kudzafunsa ngati ndikudwala.

Ndakhala ndi mipeni yakale zaka khumi ndi ziwiri, ndimadziwa mafakitale ake ndi manambala ake. Uwu ukanafika wosakhudzidwa, ndikanawerenga dzina, n'kuutsekera m'galasi. Zoti bambo ankanola pamwala wa kumtsinje, zoti sankapupuluma, zoti dzanja langali ndi lawo, sindikanaziona. Sindikunena kuti munachita bwino. Ndikungonena zimene zachitika.

M'kabati sindinauike, malo aja ndabwezeretsapo inzake. Uwu ndadulira nyama Lachitatu. Ndi wakuthwa moopsa, Ruvimbo akuti ndikuuzeni.

Mu Ogasiti tifikira kwanu, kulibenso kwina. Ndikupempha zinthu ziwiri. Mubwerere ku kompulekisi, anthu akuvutika, ndiponso amayi anoleredwe mpeni wawo. Chachiwiri, mundifunire mwala wa kumtsinje, wosalala, wonga umene mukuganiza kuti bambo ankanolera. Mudzandiphunzitse kunola mmene ankanolera iwo, ndi dzanja lamanzere, mpaka mbali ija idzagonenso. Mwina zidzatenga zaka. Tidzapitenso limodzi ku Lochinvar, ndikaonetse Mayi Serafina chipsera chawo.

Mpeni ndibwera nawo. Mudzaugwira, mudzandionetsa pogoneka. Koma ulendo uno ndanena ndekha, ndipo amayi awerenge mokweza: pa gilayinda ayi, bambo.

Ine mkamwini wanu,
Custodio